Kutapa ndalama za 401(k) zaka zisanakwane: mmene mungawerengere msonkho wa state yanu

Ambiri mwa ife amene tikugwira ntchito ku America, ndalama yooneka imene tili nayo siili kubanki. Ili mu 401(k) ya kuntchito, mu 403(b) kwa amene ali m'zipatala ndi m'masukulu, kapena mu IRA imene tinatsegula tokha, onsewa ndi maakaunti osungira ndalama zopumira pantchito. Ndiye kumudzi kukagwa zovuta, kapena nyumba imene tikumanga ku Lilongwe ikasowa malata mvula ili pafupi, maso amathamangira komweko. Ndalamayo ndi yanu ndithu, ndipo nthawi zina sipakhalanso pena pogwira. Koma mukaitenga musanakwanitse zaka 59 ndi theka, odikira gawo lawo amachuluka. Za IRS ndi chindapusa chake cha 10% ambiri anamvapo. Chimene chimadzidzimutsa anthu mu Epulo, nthawi yolemba msonkho, ndi msonkho wa state, chifukwa state iliyonse ili ndi lamulo lakelake pa nkhaniyi, ndipo kawirikawiri kampani yosunga ndalamayo siidula kalikonse ka state pokupatsani.

Manambala ali m'munsimu ndi a chaka cha msonkho cha 2025. Ma state ambiri akhala akusintha mitengo yawo pafupipafupi, choncho mugwire njira yowerengera, koma manambalawo mukawatsimikize pa webusaiti ya nthambi ya msonkho ya state yanu.

1. Dziwani mtundu wa ndalama imene mukufuna kutenga

Lowani mu akaunti yanu, kaya ili ku Fidelity, Empower, Vanguard kapena kwina, mufufuze mawu awiri, Traditional ndi Roth. Ndalama ya Traditional inalowa isanadulidwe msonkho, ndiye msonkhowo ukuidikira potuluka. Ya Roth inalowa itadulidwa kale. Mu Roth IRA, zimene munaikamo nokha ndizo zimayamba kutuluka, ndipo mutha kuzitenga pa msinkhu uliwonse osalipira kanthu. Cholipitsidwa ndi phindu lokha. Roth 401(k) siitero. Kumeneko dola iliyonse yotuluka imasakaniza zimene munaika ndi phindu, ndipo gawo la phindulo limalipira.

Onaninso pamene alemba kuti vested. Ndalama imene abwana amakuwonjezerani siikhala yanu yonse mpaka mutagwira zaka zimene pulani yanu inaika. Ngati mudakali pantchito pomwepo, mapulani ambiri salola kungotenga. Amalola ngongole kapena hardship withdrawal (kutenga chifukwa cha vuto lalikulu) basi. Amene ali ndi 457(b) ya boma ali ndi mwayi, chindapusa cha 10% sichiwakhudza akasiya ntchito. Amene ali ndi SIMPLE IRA, zimene zimapezeka kumakampani ang'onoang'ono, asamale: akatenga zaka ziwiri zoyamba zisanathe, chindapusacho chimakhala 25%.

2. Malizani kaye za Federal

Ma state ambiri powerengera msonkho amayambira pa nambala ya pa Form 1040 yanu yotchedwa AGI, imene ndi ndalama zonse zimene mwapeza pachaka atachotsapo zina zololedwa. Chimene chalowa ku Federal chimatsikiranso ku state pokhapokha lamulo la state litachichotsa. N'chifukwa chake tiyambire kumeneko.

Ku Federal kuli zinthu ziwiri zimene anthu amaziphatikiza ngati chimodzi. Choyamba ndi msonkho wamba. Ndalama mwatengayo amaisanjika pamwamba pa malipiro anu a chaka chonse, ndiye ngati malipirowo anakufikitsani kale pa 22%, yonseyo ilipira 22% kapena kuposa. Mu 2025 munthu wolemba msonkho payekha amalowa mu 22% ndalama yake ikapitirira $48,475, atachotsapo kale standard deduction ya $15,750. Namwino amafikapo ndi malipiro okha, ndipo CNA (wothandizira anamwino) wogwira ma shift owonjezera akaphatikiza ndi ndalama watengayo nayenso sachedwa kufika. Chachiwiri ndi chindapusa cha 10% cha pa gawo 72(t) la lamulo la msonkho.

Chindapusachi chimatha kuchotsedwa pa zifukwa zina, ndipo zifukwazo muzidziwe bwino chifukwa ma state amene ali ndi chindapusa chawochawo amatsamira pa cha Federal. Mukasiya ntchito m'chaka chimene mukukwanitsa zaka 55 kapena pambuyo pake, ndalama ya mu pulani ya ntchito imeneyo imatuluka popanda chindapusa. Koma mukaisamutsira ku IRA mwayi umenewu wapita, mudikiranso mpaka 59 ndi theka. Chimachotsedwanso ngati mwalumala kotheratu, ngati mukulandira akaunti ya malemu, pa ndalama za kuchipatala zimene zapitirira 7.5% ya AGI yanu, ndi pa $5,000 mwana akabadwa kapena mukamutenga mwalamulo. Zina ndi za IRA yokha: $10,000 ya nyumba yoyamba pa moyo wanu wonse, fizi ya ku koleji, ndi inshuwalansi ya zaumoyo ngati mwalandira ndalama za anthu osowa ntchito kwa milungu 12 yotsatizana. Lamulo la SECURE 2.0 la mu 2022 linawonjezera, kuyambira 2024, $1,000 ya vuto ladzidzidzi, imene simungaibwereze kwa zaka zitatu pokhapokha mutaibweza.

Apa pali pamene ambiri amapunthwa. Maliro a kholo, a mkazi kapena mwamuna wanu, kapena a mwana ali m'gulu la zifukwa zimene pulani ingakuvomereni hardship. Munthu akamva kuti avomera amayesa kuti wakhululukidwa zonse. Ayi. Akulolani kutenga chabe. Maliro sali pa mndandanda wa zochotsa 10%, ndipo ndalama ya hardship simungaibwezere mu akaunti ngati rollover (kusamutsira ndalama mu akaunti yopumira pantchito popanda msonkho) mukasintha maganizo. Komanso ngakhale zifukwa tatchulazi zimangochotsa chindapusa; msonkho wamba, wa Federal ndi wa state, umakhalapobe.

3. Kodi ndinu wa state iti pa tsiku lolandira ndalamayo?

Kale state imene munagwirirako ntchito inkatha kukulondolani kulikonse kumene mwasamukira n'kumakulipitsani msonkho pa penshoni yanu. California inkadziwika ndi zimenezi. Mu Januwale 1996 panabwera lamulo la Federal, Public Law 104-95, limene tsopano lili pa 4 U.S.C. 114, loletsa state kukhometsa msonkho pa ndalama za 401(k), 403(b), 457 ndi IRA za munthu amene si nzika yake, kutanthauza amene sakhala mu state imeneyo. Kuyambira pamenepo funso ndi limodzi: munkakhala kuti pa tsiku limene ndalamayo inatuluka?

Tinene kuti munagwira zaka khumi ku Sacramento, mwasamukira ku Dallas mu Meyi, ndalama mwatenga mu Ogasiti. California ilibe nayo gawo ngakhale kuti inasonkhanitsidwa konko. Mukanaitenga mu Epulo kuti ikuthandizeni kusamuka, yonseyo ikanalipira msonkho wa California pamodzi ndi chindapusa chake. Chaka chosamuka mumalemba fomu ya munthu wokhala gawo la chaka: 540NR ku California, IT-40PNR ku Indiana, IT-203 ku New York. Sungani chikalata chosonyeza tsiku limene ndalama inatuluka.

Kumene mumagwira ntchito sikuwerengedwa pa nkhaniyi. Wokhala ku Niles kapena ku Berrien Springs n'kumagwira ntchito ku South Bend alipira ku Michigan, 4.25%, osati ku Indiana.

Kusamukako kukhale kwenikweni. Kulemba adiresi ya msuweni wa ku Houston pamene ana akuphunzira ku Maryland si kusamuka, ndipo a msonkho akafuna kufufuza amayang'ana laisensi yoyendetsera galimoto, kumene galimotoyo inalembetsedwa, pangano la lendi, sukulu ya ana ndi dokotala wanu. New York imakutengani ngati nzika yake mukakhala ndi nyumba kumeneko n'kukhalako masiku oposa 183 pachaka, ngakhale mutanena kuti kwanu ndi kwina. Anamwino oyendayenda amve bwino apa: kontirakiti ya milungu 13 ku Seattle siikusandutsani wa ku Washington ngati banja ndi katundu zili ku Indianapolis.

Ngati mwasamuka zoona, sinthani adiresi ku kampani yosunga ndalamayo musanapemphe kanthu. Iwo amadula msonkho wa state potsatira adiresi imene ali nayo, ndipo akatumiza ndalama yanu ku state yolakwika, kuibweza kwake n'kulemba fomu ya state imeneyo n'kudikira miyezi.

4. Onani chimene state yanuyo imachita

Kumene kulibe msonkho wa malipiro nkhani imathera ku Federal: Texas, Washington, Florida, Nevada, Tennessee, South Dakota, Wyoming, Alaska ndi New Hampshire. Washington ili ndi msonkho pa phindu logulitsa masheya, koma sukhudza maakaunti opumira pantchito.

Illinois ndi yodabwitsa. Malipiro imadula 4.95%, koma ndalama yochokera mu 401(k) kapena IRA imaichotsa pa zokhomeredwa msonkho, kuphatikizapo yotengedwa msanga. Wa ku Chicago amangolimbana ndi IRS.

Musanamizidwe ndi mindandanda ya pa intaneti ya "ma state osakhometsa msonkho opuma pantchito". Yambiri imanena za okalamba, osati inu wa zaka 42. Mississippi siilipitsa penshoni, koma yotengedwa msanga imalipitsa. New York imachotsa $20,000 kwa amene afika 59 ndi theka okha. Ku Georgia ndi ku New Jersey mwayi umayamba pa zaka 62, ku Iowa pa 55, ku Maryland pa 65, kupatula olumala. Mukakhala pansi pa zaka zimenezi mulipira ngati mmene mumalipirira pa malipiro.

Pali ma state ena amene amawonjezera chindapusa chawo pamwamba pa 10% ija. California imadula 2.5% ya ndalama mwatengayo kudzera pa fomu FTB 3805P, ndipo pa SIMPLE IRA ya zaka ziwiri zoyamba imadula 6%. Wisconsin imatenga 33% ya chindapusa cha Federal, Nebraska 29.6%, Vermont 24%. Pa $20,000, chindapusa cha Federal ndi $2,000, ndiye kuti ku Wisconsin muwonjezera $660, ku Nebraska $592, ku California $500, ku Vermont $480. Atatu otengera pa Federal aja, chindapusa cha Federal chikachoka nachonso chawo chimachoka. California yokha ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa, chifukwa siitsatira malamulo atsopano a Federal mpaka nyumba yake ya malamulo itawavomereza. Chifukwa chimene IRS yalola, makamaka chatsopano, mukachione ngati chilipo pa malangizo a 3805P a chaka chimenecho.

Tsopano gulu limene anthu amalipira mopitirira osadziwa. Ku Pennsylvania, ndalama imene mumaika mu 401(k) imadulidwa msonkho wa state wa 3.07% polowa pomwe, ngakhale Federal siidula. Choncho mukatenga msanga, Pennsylvania imawerenga kuti zoyamba kutuluka ndi zimene munaika nokha, ndipo imayamba kulipitsa mukapitirira pamenepo. Tinene kuti pa zaka zonse mukukhala ku Philadelphia munaikamo $30,000, ndipo ndi zowonjezera za abwana komanso phindu akaunti yafika $48,000. Mukatenga $20,000, IRS ilipitsa yonse, koma Pennsylvania siilipitsa kanthu chifukwa simunafike pa $30,000. Vuto n'loti fomu ya 1099-R imalemba nambala ya Federal, ndipo pulogalamu ya msonkho ya pa kompyuta ikapanda kuuzidwa imangoitengera ku state. Umboni wa zimene munaika uli pa ma W-2 anu akale, bokosi 12, pa chilembo D. Amene amataya ma W-2 chaka chikatha ayambe kuwasunga.

New Jersey imachita zofanana koma pa maakaunti ena: 401(k) siilipitsa polowa, pamene 403(b) ndi IRA imalipitsa. Wogwira ntchito m'chipatala ku Newark amene ali ndi 403(b) analipira kale gawo lina ndipo asalipirenso. Massachusetts, ya msonkho wa 5%, nayonso siichotsera zoika mu IRA, ndiye potuluka zimene munalipira kale msonkho zimatuluka zaulere mpaka zitatha.

Pomaliza musaiwale za county ndi mzinda. Ku Indiana, pamwamba pa 3% ya state, ma county onse 92 ali ndi msonkho wawo, ndipo amatsatira kumene munkakhala pa 1 Januwale. St. Joseph County, kumene kuli South Bend, ndi 1.75%, Marion County ya Indianapolis ndi 2.02%. Ku Maryland, Montgomery ndi Prince George's amadula 3.2% pamwamba pa 4.75% imene anthu ambiri olandira pakatikati amalipira ku state. New York City ndi Yonkers nazonso zili ndi wawo.

5. Tengani pepala muwerengere

Tiyerekeze mayi wa zaka 42 wokhala ku South Bend, amene malipiro ake ali kale mu 22%. Wasiya ntchito yakale ndipo akufuna $20,000 ya mu 401(k) ya kumeneko kuti afolere nyumba.

Msonkho wa Federal, 22%: $4,400
Chindapusa, 10%: $2,000
Indiana, 3%: $600
St. Joseph County, 1.75%: $350

Zonse pamodzi $7,350. Yake yeniyeni ndi $12,650.

Koma si zimene aone pa tsikulo. Kampani idula 20%, imene ndi $4,000, n'kumutumizira $16,000. Iye aona ngati msonkho walipira kale, atumiza yonseyo kwa amisiri. 20% ija ndi chikole chabe. Mu Epulo adzamuuza kuti atsala ndi $2,400 ya IRS ndi $950 ya Indiana, ndipo refund imene ankaidalira chaka ndi chaka idzamezedwa momwemo.

Mayi yemweyo akanakhala ku Dallas kapena ku Chicago akanalipira $6,400. Ku Milwaukee, pa 5.3% ndi chindapusa cha Wisconsin, $8,120. Ku Los Angeles, ngati ali pa 9.3%, $8,760. Kusiyana kwa Dallas ndi Los Angeles ndi $2,360 pa ndalama imodzimodzi.

Ngati mukufuna $20,000 yogwira m'manja, werengerani chobwerera. Ku South Bend kuja zodulidwa zonse ndi 36.75%, ndiye mugawe $20,000 ndi 0.6325, mupeza kuti mufunika kutenga pafupifupi $31,600. Nambala imeneyi ndiyo imachititsa ambiri kuganizanso.

Pali zina zosaoneka pa pepalali. AGI ikakwera, Earned Income Tax Credit, thandizo la pa msonkho la ogwira ntchito olandira zochepa, imatsika kapena kutha, ndipo ma state ambiri amene ali ndi yawo amaiwerengera pa ya Federal, ndiye zimagwa pamodzi. Ngati inshuwalansi yanu ya zaumoyo ndi ya pa Marketplace, mungauzidwe kubweza gawo la thandizo limene munalandira. Wa mwana ku koleji aganizirenso za FAFSA, fomu yopemphera thandizo la fizi, imene imayang'ana ndalama za zaka ziwiri m'mbuyo.

6. Musanasaine, onani ngati pali njira yotchipa

Ngati mudakali pantchito ndipo pulani imalola, ngongole ya 401(k) siikhomeredwa msonkho, ku Federal ngakhale ku state. Mutha kubwereka mpaka theka la ndalama imene ili vested, osapitirira $50,000, n'kubweza m'zaka zisanu kudzera pa malipiro, ndipo chiwongoladzanja chimalowa mu akaunti yanu yomwe. Choopsa chake ndi kusiya ntchito ngongole isanathe. Yotsalayo imasanduka ndalama yotengedwa msanga, pokhapokha mutapeza ndalama yofanana nayo n'kuiika mu IRA tsiku lolemba msonkho wa chaka chimenecho lisanadutse. Kwa munthu amene amasintha ntchito pafupipafupi, ine ngongoleyi sindiiyamikira kwenikweni.

Njira ina ndi kugawa. Theka mu Disembala, theka mu Januwale, ndiye kuti zagwera zaka ziwiri za msonkho ndipo mwina simukwera pa mlingo wina. Ntchito yomanga imayenda pang'onopang'ono kale, palibe chifukwa chotengera ndalama ya pulasitala lero pamene denga silinakwere. Ngati mukudziwa kuti musamukira ku state yopanda msonkho, kapena chaka chamawa mugwira ntchito pang'ono chifukwa cha sukulu, dikirani. Ngati muli ndi Roth IRA, yambani ndi zimene munaikamo.

7. Podzaza fomu, sankhani nokha zodulidwa

Pa 401(k) ndi 403(b), 20% ya Federal ndi yokakamiza ndalama ikamabwera kwa inu. Pa IRA ndi pa hardship amadula 10% pokhapokha mutasintha pa Form W-4R. Mutha kupempha kuti adule yochulukirapo, ndipo kwa munthu amene amadziwa kuti ndalama siikhalitsa m'manja mwake, ndi nzeru kulemba 32% pomwepo.

Ku mbali ya state zimasiyana kwambiri. Maryland imakakamiza 7.75% pamene 20% ya Federal yadulidwa. Virginia ndi North Carolina zimadula 4%, imene ku Virginia siikwanira chifukwa ambiri ali pa 5.75%. California imadula gawo limodzi mwa magawo khumi a zimene Federal yadula, ndiye kuti $400 yokha pa chitsanzo chathu cha ku Los Angeles, pamene ngongole yeniyeni ndi $2,360. Michigan imadula pokhapokha mutakana pa MI W-4P. Ku Indiana sadula kanthu mpaka mutapempha pa WH-4P, ndipo popempha mulembe za state ndi za county zomwe.

Zodulidwa zikachepa, musadikire Epulo. Lipirani msonkho woyerekeza m'gawo la chaka limene mwatengera ndalamayo. Masiku a Federal ndi 15 Epulo, 15 Juni, 15 Seputembala ndi 15 Januwale, kudzera pa 1040-ES kapena IRS Direct Pay, ndipo ma state ambiri amatsatira masiku omwewo pa mawebusaiti awo. Ku Federal simulipitsidwa chindapusa cholipira mochedwa ngati zodulidwa zafika 90% ya msonkho wa chaka chino kapena 100% ya chaka chatha, 110% kwa amene AGI yawo inaposa $150,000. Ya msonkho ikani mu akaunti ina imene khadi yake simuyenda nayo.

Potumiza kumudzi, kumbukirani kuti kuyambira 1 Januwale 2026 pali msonkho wa 1% pa ndalama yotumizidwa kunja ngati mwalipira ndi kashi, money order kapena cashier's check. Yochokera mu akaunti yakubanki kapena pa khadi siikhudzidwa.

8. Masiku 60 osinthira maganizo

Mukalandira ndalama n'kupeza kuti vuto lathetsedwa mwa njira ina, muli ndi masiku 60 oibwezera mu IRA kapena mu pulani ina, ndipo msonkho wa Federal, wa state ndi chindapusa zonse zimafafanizika. Koma muyenera kubweza $20,000 yonse, osati $16,000 imene munalandira. $4,000 inadulidwa ija muipeze m'thumba mwanu, idzabwerera polemba msonkho. Mukabweza $16,000 yokha, $4,000 yotsalayo iwerengedwa kuti munatenga. Kuchoka ku IRA kupita ku IRA, zimenezi zimaloledwa kamodzi pa miyezi 12.

9. Fomu ya 1099-R ikafika

Imatumizidwa pofika 31 Januwale, nthawi zambiri mu akaunti yanu ya pa intaneti. Musalembe msonkho isanafike, chifukwa IRS ndi state nawonso amalandira kope yake. Bokosi 1 ndi ndalama yonse, 2a ndi yokhomeredwa msonkho ku Federal, 4 ndi imene Federal inadula. Bokosi 7 lili ndi nambala kapena chilembo: 1 ndi kutenga msanga popanda chifukwa chimene kampani ikudziwa, 2 ndi msanga koma chifukwa chilipo, 3 kulumala, 4 imfa, 7 zaka zinakwana, G ndalama yasamutsidwa mwachindunji. Mabokosi 14 mpaka 16 ndi a state. Onani ngati dzina la state lili loona.

Mukaona 1 pamene muli ndi chifukwa chovomerezeka, musataye mtima. Kampani siidziwa za bilu yanu ya kuchipatala kapena fizi ya mwana. Mumadzinenera nokha pa Form 5329, n'kusunga malisiti. Ku California muchitenso chimodzimodzi pa 3805P.

Ma state ambiri tsiku lawo ndi 15 Epulo, koma Iowa ndi Delaware ndi 30 Epulo, Virginia 1 Meyi, Louisiana 15 Meyi. Ngati ndalama yolipira mulibe, fomu tumizanibe pa nthawi yake n'kupempha kulipira pang'onopang'ono. Chindapusa chosatumiza fomu chimapweteka kuposa cha kusalipira. Olandira zochepa athandizidwa mwaulere ku VITA, pulogalamu ya IRS ya anthu odzipereka kulembera ena msonkho. Olemba msonkho a m'dera mwathu amene timauzana pa WhatsApp ena ndi abwino ndithu, koma amene akukana kusaina dzina ndi nambala yake ya PTIN, imene IRS imapatsa olembera ena msonkho, pa fomu yanu, musiyeni. Pa nkhani ya ma state awiri kapena ya Pennsylvania ndi New Jersey, ndalama yolipira CPA kapena Enrolled Agent, akatswiri ovomerezeka a za msonkho, siipita pachabe.

10. Kwa amene akubwerera kwawo

Kukwera ndege sikuthetsa unzika wa state. Ma state ambiri amakuwerengani kuti ndinu wawo mpaka mutakhazikika kwina n'kudula zokumangirirani kwa iwo. Lembani fomu yomaliza ya gawo la chaka, thetsani lendi, sinthani adiresi, ndipo ndalama mutenge mutakhazikika kale kumudzi. Mukatero state ilibenso gawo.

Federal yokha siikusiyani. Nzika ya America ndi mwini green card amalipira monga mwa nthawi zonse kulikonse kumene ali, ndipo green card imawerengedwabe pa za msonkho mpaka mutaibweza mwalamulo pa Form I-407. Amene akhala nayo zaka 8 mwa zaka 15 zapitazi aonane ndi katswiri asanaibweze, chifukwa pali Form 8854 ndi malamulo ake. Amene si nzika ndipo alibe green card, akachoka amadzaza W-8BEN ndipo kampani imadula 30%. America ilibe pangano la msonkho ndi Malawi kapena Zambia loti litsitse mlingo umenewu, pamene ndi Britain ndi South Africa ili nalo. M'malo mwa 1099-R mudzalandira 1042-S, n'kulemba 1040-NR, imene ndiyo imatsimikiza msonkho weniweni. Nthawi zina gawo lina limabwezedwa. Chindapusa cha 10% chilipobe ngati zaka sizinakwane.

Musananyamuke fufuzaninso maakaunti ang'onoang'ono a ntchito zakale. Kuyambira 2024 pulani ili ndi ufulu wotulutsa munthu amene anasiya ntchito ngati ndalama yake siiposa $7,000. Yapakati pa $1,000 ndi $7,000 amaisamutsira ku IRA imene asankha okha, koma yosafika $1,000 atha kungolemba cheke, kudula 20%, n'kutumiza ku adiresi yakale. Chekecho ngakhale musachione, 1099-R imatuluka ndithu m'dzina lanu. Sonkhanitsani maakauntiwo mu IRA imodzi kudzera pa rollover yachindunji mudakali konkuno, funsani kampaniyo ngati imalola adiresi yakunja, ndipo musatseke akaunti yakubanki ya ku America kapena nambala ya foni imene amatumizako makhodi olowera.